Foda ya Amayi Ako pa Fulashi Yofiira

Zione mwana wanga,

Ndikulemba kalata ino m'kantemba mwathu, kashopu kathu koyikira anthu nyimbo, ndi bolopeni, chifukwa malaiti apita kuyambira m'mawa ndipo kompyuta yangoti duu pathebulo. Iwe uli ku Matero kwa azakhali ako, akukuluka tsitsi la ulendo. Mawa ukwera basi ya ku Kitwe kukayamba maphunziro a makompyuta. Kalatayi ndiyika pansi pa zovala m'chikwama chako pamodzi ndi fulashi yofiira ija. Ndikupempha chinthu chimodzi: usalowetse fulashiyo m'kompyuta iliyonse usanawerenge mpaka kumapeto.

Dzulo, uku ukusita, unandifunsanso. "Batate, mwafaka mau ya bamami pa fulashi?" Ndinati ndiyika. Ndakhala ndikunena kuti ndiyika kuyambira tsiku limene kalata ya ku koleji inafika. Ukudziwa kuti amayi ako asanamwalire anakujambulira mauthenga atatu pa foni yawo: woyamba wa tsiku limene udzakula, wachiwiri wa tsiku limene udzachoka pakhomo, wachitatu wa tsiku la ukwati wako. Woyamba unaumva kamodzi, uli ndi azakhali ako. Wachiwiri tsiku lake ndi mawa. Kalata ino ndiyo yankho langa pa funso lako, koma undilole ndifike pamenepo pang'onopang'ono, monga timayendera pa miyala nthawi ya madzi kuno ku Kanyama, phazi limodzi likakhazikika m'pamene lina linyamuka.

Pa fulashiyo upezapo foda yotchedwa zida. Mmenemo muli timapulogalamu ting'onoting'ono timene ndakhala ndikudzilembera zaka zonsezi, ena amati masikiripiti. Kalikonse ndi mizere yowerengeka chabe ndipo kamagwira ntchito imodzi. Umatsegula windo lakuda lija limene unkaliopa uli mwana, kulemba dzina la kachida, kukanikiza batani, ntchito imene ikanakudyera ola lathunthu n'kutha usanameze malovu. Ku koleji adzakuphunzitsa zazikulu kuposa izi, ndipo mwina udzaseka ukaona mmene bambo ako ankalembera. Seka, palibe kanthu. Agogo ako, amene anabwera kuno kuchokera ku Malawi kudzafuna ntchito, anandisiyira bokosi la zida za ukalipentala, ine n'kuligulitsa chaka chomwecho. Ndilibe nyumba yangayanga, ndilibe munda. Bokosi langa ndi limeneli, ndipo chida chilichonse chili mmenemo chinabadwa pa cholakwa. Ndikuuza zolakwazo kuti usadzazigule kawiri.

Cholakwa changa choyamba chinali kukhulupirira chida chimene sindinachiyese. Nditangotsegula kantemba aka, ntchito yaikulu inali kuyikira anthu nyimbo pa makhadi a m'foni. Ndinkakoka nyimbo imodziimodzi ndi mausi, mzere wa anthu uli panja padzuwa. Ba Mulenga, okonza mafoni pafupi nafe aja, amene anagwirapo ntchito m'maofesi a kumigodi ku Kopala, anandiyang'ana sabata yathunthu kenako n'kulephera kupirira. "Ba Phiri, imwe mutapa manzi na sipuni," anatero. "Kompyuta ni wanchito wanu. Muuzeni chabe." Anandikhazika pansi n'kundisonyeza windo lakuda, ndipo patapita mwezi ndinali nditalemba kachida kanga koyamba, kotenga mndandanda wa nyimbo n'kuzilongedza pa khadi. Ndinkayenda ngati ndagula galimoto. Tsiku lina kunabwera anthu awiri nthawi imodzi, kondakitala wa minibasi wofuna rumba ndi mkulu wa mpingo wofuna nyimbo za pamaliro. Ndinalowetsa makhadi onse awiri. Kwa ine khadi loyamba linali limene ndinayamba kulowetsa, koma kwa kompyuta loyamba linali la kubowo la kumanzere. Mawa lake kondakitala anabwera akutukwana. "Bosi, mufuna mapasenja banga bazilila kuchoka ku Kanyama mpaka mu tauni?" Mkulu wa mpingo uja sanabwerenso. Ndinangomva kwa ena kuti rumbayo inalira pa sipika ya panyumba ya maliro, anthu ali chete kudikira nyimbo ya chitonthozo. Tinaseka ndi amayi ako mpaka misozi, koma iwe sunga mfundo yake: chida sichimva zimene uli kuganiza, chimamva zimene walemba. Uziyesa kaye pa zinthu zimene sungalire zikawonongeka.

Cholakwa chachiwiri chinali cha mayina. Tizida titachuluka ndinkangotitcha mmene zandifikira: ka1, ka2, chatsopano, chatsopanodi. Ndinkati ndine mwini wake, sindingaiwale. Kenako malungo anandigoneka masabata awiri, ndipo nditabwerera ndinakhala kutsogolo kwa sikirini ngati munthu wolowa m'nyumba ya eni, osadziwa kuti kachida kati kamachita chiyani. Amayi ako anandipeza choncho akuchokera kumsika komwe ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika zija. Atamva vuto langa sanandimvere chisoni n'komwe. "Bambo a Zione, ine wosaphunzira mabelo anga ndimawalemba: a ana, madiresi, majekete. Inu a kompyuta mukulephera kutcha ana anu mayina?" Anakhala pa kireti ya zakumwa ija imene ukhalapo iwe masiku ano, n'kuyamba kundifunsa kachida kalikonse ntchito yake. Koyika nyimbo pa khadi anati ndi longa. Kokonza mayina a mafayilo anati ndi tchula. Kongoonetsa zimene zili pa khadi osakhudza kanthu anati ndi suzumira. Anandikakamiza kulemba pamzere woyamba wa kalikonse, m'Chichewa chomveka, ntchito yake ndi chifukwa chimene ndinakalembera. Titafika pa kachida kochotsa mafayilo obwerezedwa, aja amadzaza makhadi a anthu pachabe, anati ameneyo ndi sesa. Kenako anawonjeza kuti wosesa wabwino amayamba wayang'ana m'zinyalala asanakataye, chifukwa ndolo zimatayika choncho. Ndinaseka, ndinati kompyuta ilibe ndolo. Zione, mayina onse amene uwaone m'fodamo ndi a amayi ako. Usawasinthe. Ndipo tizida tako ukadzayamba kulemba, uzititcha mayina oti ungawamve ngakhale utadzuka ku malungo.

Cholakwa chachitatu chinabwera ndi madzi. Unali wamng'ono, mwina ukukumbukira chaka chimene tinkakunyamula pamsana kupita nawe kusukulu chifukwa msewu wonse unali dziwe. Kompyuta inkakhala pansi, pa katoni. M'mawa wina ndinatsegula chitseko madzi n'kutuluka kudzandilonjera. Nyimbo zimene ndinasonkhanitsa zaka zitatu zinapita tsiku limodzi. Ba Mulenga anabwera atavala magambutsi, anayang'ana, n'kunena kuti chinthu chimene chili pamalo amodzi chokha ndi chinthu chimene chikudikira kutayika. Ndinamva, ndipo ndinaganiza kuti ndaphunzira. Ndinayika kompyuta yatsopano pamwamba pa mabuloko, ndinapeza disiki yachiwiri, n'kulemba kachida kotchedwa sunga, kamene Loweruka lililonse kamakopera zinthu ku disikiyo. Koma tamvera bwino apa, mwana wanga. M'kati mwa sunga ndinalemba dzina la foda imodzi yokha, ya nyimbo, chifukwa ndiyo inkatidyetsa. Sindinabwererenso kukawerenga mzere umenewo. Zaka zinkapita, Loweruka lililonse sunga ankandiuza kuti watha, ine n'kutseka kantemba mtima uli m'malo. Sindinadzifunse kuti watha chiyani. Uzibwerera ku zida zako zakale n'kuziwerenga ngati zalembedwa ndi munthu amene sukumukhulupirira.

Tsopano miyala yatha, ndafika pamadzi.

Amayi ako atadziwa kuti sachira, anasankha Lamlungu lina masana. Iwe tinakutumiza ku Matero. Ine anandithamangitsira panja, n'kudzitsekera kuchipinda ndi foni. Atamaliza anandiitana, anali atatopa kwambiri, milomo itauma. Anandipatsa foniyo n'kunena kuti, "Musamvere. Si zanu. Ndi za Zione, chilichonse pa tsiku lake." Ndinalonjeza. Mawa lake ndinakopera mauthenga atatuwo pa kompyuta ya kukantemba, m'foda imene ndinaitcha amake Zione. Anamwalira nyengo yozizira, iwe uli giredi sikisi. Chaka chotsatira unamva uthenga woyamba. Utafika giredi naini unafuna foni monga anzako, ndipo ine ndinatenga khadi la m'foni ya amayi ako, n'kulipukuta, n'kukuyikira m'foni yako. Ndinadziuza kuti mawu ali pabwino pa kompyuta, ndipo kompyuta ili ndi sunga. Inde, khadi limene uli nalo m'foni lero ndi lomwelo.

Cholakwa chachinayi chinachitika Loweruka la kumapeto kwa mwezi, iwe uli giredi teni. Anthu anali ambiri. Mtsogoleri wa kwaya ina anabwera ndi makhadi atatu odzaza ndi zimene ankajambula pophunzira nyimbo, akufuna ndimuchotsere zobwerezedwa. Ndinakopera zonse m'foda yake, ndipo ndisanayambe malaiti anapita. Tinadikira. Atabwera, kompyuta inadzuka, ndinatsegula windo lakuda mofulumira chifukwa munthuyo anali atayamba kung'ung'udza. Windo likatsegulidwa kumene silikubwezera pamene unali. Limakuyika pamwamba, pamene mafoda onse a m'kompyuta ali pansi pako. Zimenezi ndinkazidziwa ngati dzina langa. Sindinayang'ane pamene ndaima. Ndinalemba sesa, n'kukanikiza batani.

Sesa mmene ndinamulembera nthawi imeneyo ankayang'ana mayina okha. Akapeza mafayilo awiri a dzina limodzi, ankasunga yatsopano n'kufafaniza yakale, osafunsa, osayika pambali. Foda ikatsala yopanda kanthu ankaichotsanso, kuti pakhale paukhondo. Foni ya mtsogoleri wa kwaya uja inali ya mtundu umodzi ndi ya amayi ako, ndipo mafoni amenewo amatcha zojambula zawo mofanana, ndi manambala, kuyambira pa wani. Kwa sesa, uthenga wa ukwati wako ndi kwaya yophunzira nyimbo zinali chinthu chimodzi, ndipo cha kwaya chinali chatsopano. Ndikukumbukira kuti anachedwa pang'ono kuposa masiku onse. Ndinaona, koma wina anandipatsa moni pazenera la kantemba, ndinatembenuka kuyankha, ndipo pobwerera sesa anali atalemba kuti watha.

Kwa masiku asanu ndi anayi sindinadziwe kanthu. Ndinkayika mafilimu atsopano pa disiki yomweyo, tsiku ndi tsiku, pamwamba pa malo amene mawuwo anali. Kenako kasitomala wina anafuna nyimbo imene ndinkadziwa kuti ndili nayo, osaipeza. Ndinafufuza, ndinaona kuti nyimbo zambiri zasowa, ndinazindikira chimene sesa anachita, ndipo ndinazibweza zonse kuchokera ku disiki yachiwiri. Ndinadzitamanda, Zione. Ndinaitana ba Mulenga kuti adzaone mmene sunga wandipulumutsira. Ndili m'kati mofotokoza m'pamene ndinakumbukira foda ya amayi ako. Ndinaifuna pa kompyuta, panalibe. Ndinaifuna pa disiki yachiwiri, ndikudziwa kale kuti sinafikeko n'kamodzi komwe. Nyimbo za eni, zimene ndikanazipezanso paliponse, ndinazisunga kawiri. Mawu a mkazi wanga ndinawasunga kamodzi.

Ba Mulenga anatseka shopu yawo masiku awiri. Anachotsa disiki, anailumikiza ku makina awo, anayesa njira zonse zimene ankadziwa ndi zina zimene anafunsa kwa anzawo m'tauni. Zinkatuluka zidutswa za mafilimu, theka la nyimbo, zithunzi za anthu osawadziwa. Ukukumbukira tsiku limene ndinakubwereka foni ndikunena kuti ndikufuna kuona ngati ili ndi vairasi? Tinkafufuza khadi lija. Koma iwe unali utalidzaza n'kulipukuta kambirimbiri ndi zithunzi ndi nyimbo zako, monga mwana aliyense akanachitira. Iwe ulibe mlandu pamenepo, usadzaganize n'komwe. Madzulo a tsiku lachiwiri ba Mulenga anavula magalasi n'kunena kuti, "Ba Phiri, pamene panali mau pankhala vinthu vinangu. Vaenda." Potuluka anaima pakhomo n'kuti, "Muuzeni mwana lelo." Ndinayankha kuti ndimuuza mawa.

Mawa limenelo latenga zaka zinayi, ndipo ichi ndicho cholakwa chachikulu kuposa zonse. Cha sesa chinali cha chala; ichi ndi cha mtima. Poyamba ndinati uli ndi mayeso, ndisakusokoneze. Mayeso atatha ndinati ndidikire zotsatira. Unkati ukapempha kumvanso uthenga woyamba uja, ndinkati masipika afa, kapena kompyuta ili ndi ntchito ya kasitomala, kapena kuti amayi ako anati chilichonse pa tsiku lake. Mawu amenewo anawanenadi, koma ine ndinawasandutsa chitseko chobisalira. Tsiku lina unandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Batate, imwe mukonda kompyuta kuchila bantu." Ndinakulola uganize choncho, chifukwa zinali zopepuka kuposa choonadi. Azakhali ako sakudziwa. Ba Mulenga okha ndiwo akudziwa, ndipo kuyambira nthawi imeneyo sanakhalenso pa kireti ija kudzacheza monga kale. Amangopereka moni ali chiimire. Ukadzawononga chinthu cha munthu, Zione, kaya kuntchito kaya kwina, uzinena tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Tsiku loyamba umangonena kuti ndalakwitsa. Ukadikira, umadzafunika kufotokozanso chaka chilichonse chimene unakhala chete, ndipo pa zaka zimenezo palibe chonena.

Mwezi wathawu ndinaganiza zoipa zina. Ndinati ndilembe uthenga ndekha, ndiuyike m'envulopu yakale, ndikuuze kuti amayi ako anasintha maganizo n'kulemba pamanja. Ndimadziwa kalembedwe kawo, ndimadziwa mawu amene ankakonda. Ndinalemba masamba awiri. Nditawerenga ndinapeza kuti ndi ine ndekha ndikuyankhula nditavala chitenje. Ndinang'amba. Ndinakubera kale mawu enieni. Kukupatsa abodza kukanakhala kukuberanso.

Sindidziwa zimene anakuuza. Ndinasunga lonjezo langa, sindinamvere, ndipo lero ndikanakonda ndikanakhala munthu wosasunga malonjezo. Chimene ndili nacho ndi chochepa, koma ndi chako, tenga. Lamlungu lija ndinakhala pa buloko panja, kumbuyo kwa khoma la chipinda. Mawu sankamveka, kamvekedwe kokha. Uthenga woyamba unali waufupi. Wachiwiri, wa mawawu, unali wautali kuposa yonse, mwina mphindi khumi. Dzina lako ndinalimva kangapo, chifukwa ankalikweza kumapeto monga ankachitira pokuitana kuchokera kumpopi. Pakati pake anatsokomola nthawi yaitali, ndinaima kuti ndilowe, koma anapitiriza. Kenako nkhuku ya aneba inalowa pawindo, ndipo ndinamva bwinobwino akunena kuti, "Choka iwe, ndikuyankhula ndi mwana wanga." Atatero anaseka, kuseka kwenikweni, kumene ndinali ndisanakumve kwa miyezi. Sanayambirenso kujambula, choncho kusekako kunali m'kati mwa uthenga wako. Chakumapeto anayimba pang'ono, motsitsa, sindinazindikire nyimbo yake. Ndi zokhazo. Ndazibwereza m'mutu zaka zinayi kuopa kuti nazonso zingafafanizike.

Uthenga woyamba uli m'mitu ya anthu awiri, iwe ndi azakhali ako. Usachite zimene ndinachita ine. Sabata yomwe ino ulembe zonse zimene ukukumbukira, ngakhale liwu limodzi, uwayimbire azakhali ako nawonso anene zawo, ndipo uzisunge malo atatu osiyana. Mutu wa munthu nawo umasesa, ndipo sufunsa.

Sesa amene ali pa fulashiyo si yemwe uja. Ndinamulembanso sabata imene ba Mulenga anavula magalasi. Tsopano asanachite kanthu amakuuza foda imene waima. Sakhulupiriranso mayina, amafananiza zam'kati. Amakuonetsa mndandanda wa zimene akufuna kuchotsa n'kufunsa ngati watsimikiza, ndipo uyenera kulemba inde yense, zilembo zonse zinayi. Ukavomera safafaniza, amangosamutsira m'foda yotchedwa pambali, mmene zimakhala mwezi wathunthu. Ndi chimene amayi ako ananena atakhala pa kireti, kuyang'ana m'zinyalala usanataye. Zinangofunika mizere isanu ndi umodzi. Ndinaiwerenga. Mizere isanu ndi umodzi, ntchito ya theka la ola, imene ndikanailemba tsiku lililonse pa zaka zonse zija. Kuyambira pamenepo sesa sanatayepo kanthu ka munthu aliyense, ndipo zimenezi sizinditonthoza ngakhale pang'ono.

Tizida tina mwina sudzatigwiritsa ntchito. Masiku ano anthu amamvera nyimbo pa intaneti, makhadi akubwera awiri kapena atatu pa tsiku, ndipo longa amatha sabata osaitanidwa. Kantemba aka sikafika patali. Ndikudziwa, ndipo usadzabwerere chifukwa cha ine kapena chifukwa cha iko. Koma kachitidwe kake katenge. Ntchito ukaichita katatu ndi manja, ilembere kachida. Kachida kamodzi, ntchito imodzi. Kakhale kakafupi koti ungakawerenge konse usanakanikize batani. Usayendetse mzere umene wapatsidwa ndi mnzako kapena waupeza pa intaneti usanaumve, ngakhale wokupatsayo akhale mphunzitsi. Bokosi lako lonse likhale malo amodzi oti ungalinyamule posamuka, ndi kope lake kwina. Ndipo chida chilichonse chochotsa, chofafaniza kapena cholemba pamwamba pa china, chizifunsa kaye. Anzako adzakuseka kuti ukuchedwa. Aleke aseke. Uziyang'ana pamene waima, Zione. Mzere uli pawindo lakuda, batani lisanakanikizidwe, ndiwo malo okhawo pamene munthu akadali ndi mphamvu.

Juzi yobiriwira ija ili pa chingwe kuseri, ndikakuyikira m'chikwama, uziivala, ku Kitwe m'mawa kumazizira. Achemwali a ba Mulenga akakuchingamira pa siteshoni. Uwapatse ulemu, koma usawalemetse. Uzidya, ngakhale pamene mtima sukufuna.

Mawa ndikuperekeza kukakwera basi, ndikunyamulira chikwama, ndipo ukandifunsa za mawu ndidzati zonse zili m'chikwamamo. Limenelo lidzakhala bodza langa lomaliza kwa iwe. Ndayesa kukuuza pamaso katatu sabata ino, n'kulephera. Ndikudziwa kuti kukupatsa nkhani yotere pa pepala, uli wekha pakati pa alendo, pa tsiku limene unayenera kumva amayi ako, ndi mantha a munthu wamkulu, ndipo sindikuwatcha dzina lina. Sindikupempha kuti undikhululukire. Ukafuna kukhala osandiyimbira, khala. Ungowauza azakhali ako kuti wafika bwino, ine ndidzamva kwa iwo. Foni yanga idzakhala yoyaka, ndipo malaiti akapita ndidzakaitchaja pa sola ya ba Mulenga.

Ukadzatsegula fulashiyo, pambali pa zida upezapo foda ina, yotchedwa amake Zione. Ndinaipanganso ndekha. Mulibe kanthu. Ndinaganiza zoyikamo chithunzi kapena kalata ino, koma malowo si anga. Sesa mpaka lero amachotsa mafoda opanda kanthu, chifukwa ndiyo ntchito yake, choncho ndinamuwonjezera mzere umodzi wakuti akafika pa foda imeneyo adutse, asaikhudze. Ukadzakhala katswiri udzaona mzerewo n'kuganiza kuti ndi wosafunika, kuti ukuipitsa pulogalamu. Zina zonse usinthe mmene ungafunire. Mzere umenewo usauchotse.

Ndine bambo ako.